Motoka Zakale za ku Mangalande: Musafulumire Kuzigulitsa pa Sikelo

M'midzi ina ya kuno kum'mawa, kucokera ku Chipata kukafika ku Katete, Chadiza ndi Lundazi, mungapeze motoka yakale ili ciimire kuseli kwa nyumba, matayala anaphwa kalekale, nkhuku zikuikiramo mazira. Zina mwa izo ndi za ku Mangalande, monga Land Rover ndi Morris Minor, zimene zinabwera tauni yathu ikali kuchedwa Fort Jameson, kapena zaka zoyamba za ufulu wa 1964. Ogula zitsulo zakutha amaziona ngati makilogalamu cabe, ndipo amalipira pa sikelo. Koma alipo ogula ena, m'dziko muno ndi kunja, amene amasakasaka motoka zoterezi kuti azikonzenso.

Zimene anthuwa amazikonda koposa ndi motoka zing'onozing'ono za liwiro, za mipando iwiri ndi denga lansalu lopinda. Yochuka ndi MGB, imene inapangidwa ku Abingdon kuyambira 1962 kufikira 1980, ndipo zonse zinapitirira 500,000. Palinso Triumph Spitfire ya zaka zomwezo, ndi Jaguar E-Type yomwe inaturuka mu 1961. Kunena zoona, motoka zimenezi sizinali za miseu yathu. N'zotsika kwambiri, ndipo pa mseu wafumbi wa mabampu mimba yake ikanatsala pa mwala woyamba.

Nanga nkhaniyi itikhudza bwanji ife alimi? Yankho lili m'masipeyala. Mafakitale a ku Mangalande anali kugwiritsa nchito zipangizo zofanana pa motoka zosiyanasiyana. Injini ya Morris Minor ya kuyambira 1952 ndi ya mtundu umodzi ndi ya MG Midget ndi Austin-Healey Sprite. Nyali za Lucas, mawochi a liwiro a Smiths ndi makabureta a SU zinali kumangidwa pa motoka zambiri. Motero tizitsulo timene mwana angaseweretse pabwalo ndi timene wokonza motoka ya liwiro akufuna. Ndiponso kwao kuja amathira mcere m'miseu nthawi ya cisanu, ndipo mcere umadya citsulo msanga. Kwathu kuno vuto limenelo kulibe.

Land Rover, imene inayamba mu 1948, ili ndi msika wakewake, makamaka cileke kupangidwa kwa mtundu wake wakale ku Solihull mu 2016. Thupi lake ndi la aluminiyamu losacita dzimbiri, koma chasisi yapansi ndi citsulo wamba, ndipo wogula wodziwa amayamba wagwada n'kugogoda kumeneko.

Sitikunena kuti cigoba ciliconse ndi cuma. Motoka imene yakhala zaka makumi atatu pa matope, magalasi osweka, injini yodzaza madzi, mwina yafikadi poyenera sikelo. Koma musanagamule, yang'anani kacitsulo kolembedwa nambala ya chasisi, ndipo musakacotse. Ku Gaydon kuli bungwe la British Motor Industry Heritage Trust limene limasunga mabuku a mafakitale akale, ndipo ndi nambala imeneyo wogula amatsimikiza tsiku limene motoka inapangidwa. Funaninso buku la umwini lija la white book, pakuti kusintha dzina la mwini ku RTSA kumavuta popanda ilo.

Ngati motokayo ndi ya masiye, abale agwirizane coyamba, cifukwa wogula akacoka nayo, mlandu umatsala kwa amene analandira ndalama. Mverani mitengo ya ogula awiri kapena atatu, ndipo musalole munthu kumasula nyali, mawochi ndi kabureta n'kukusiyirani cigoba. Pamene mukudikira, ikwezeni pa njerwa, muifunde pamwamba. Amakanika a kumudzi akumbukire kuti mabauti ake ndi a mainchi. Sipanala ya mamilimita imangowadya mitu.