Lipenga la mphonda ndi sakisofoni ya Marsalis

Kwathu ku Lupembe, m'mbali mwa msewu wa M1 ukamachoka ku Chilumba kulowera ku Karonga, lipenga loyamba kuligwira ine linali la mphonda. Linali la asibweni anga, amene ankavina mapenenga atavala kabudula wositidwa bwino ndi simbi ya makala, sokosi zofika m'mawondo. Tsiku lina ali kudambo ndinalitsitsa patsindwi n'kuyamba kuuziramo mpweya, masaya tuu ngati chule. Munkangotuluka mphepo. Atandipeza anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Iwe mwana, ili saliuzira. Amaliimbira."

Anandionetsa kabowo kamene anamatapo kansalu koyera kamene kangaude amafunditsa mazira ake. Ukang'ung'udza nyimbo mkati mwa mphonda, kansaluko kamanjenjemera, ndipo mawu ako omwewo amatuluka okulirapo, okanda, ngati a munthu wina. Anyamata a masiku ano amamatapo kapepala ka jumbo. Kamalira ndithu, koma makutu anga sanakazolowerebe.

Ndinakumbukira tsiku limenelo patapita zaka zambiri, mnzanga wina ku Mzuzu atandibwereka chimbale cha Branford Marsalis chotchedwa I Heard You Twice the First Time, chimene chinatuluka mu 1992. Marsalis ndi katswiri wa sakisofoni, chitoliro chachitsulo chopindika chija chimene anapanga Adolphe Sax wa ku Belgium m'zaka za m'ma 1840. Anabadwa mu 1960, nakulira ku New Orleans m'banja la oimba: bambo ake Ellis pa piyano, mng'ono wake Wynton pa lipenga. Pofika 1992 anali ataimbapo kale ndi woimba wotchuka Sting, dzina lili m'kamwam'kamwa. Munthu woteroyo akanatha kujambula chilichonse chovuta chimene akanafuna. Iye anasankha kubwerera kumene jazz inayamwira, ku nyimbo za blues, naitana eni ake: B.B. King, John Lee Hooker ndi mayi Linda Hopkins.

Blues ndi nyimbo za anthu akuda a kumwera kwa America, adzukulu a akapolo, makamaka a m'minda ya thonje ya ku Mississippi. Mamangidwe ake ndi osavuta: woimba amanena mawu, amawabwereza ngati sunamve, kenako amawayankha yekha, ndipo zonsezi zimazungulira pa makodi atatu okha a gitala. Chovuta ndi kakhosi. Mawu amapindidwa, amagwera pakati pa manoti awiri pamene piyano ilibe poti ungadinepo. Gitala ya B.B. King, imene ankaitcha Lucille, imachita zomwezo: iye akamaliza kuimba, iyo imamuyankha ndi waya umodzi wonjenjemera. Hooker ndiye wovuta kumutsata, chifukwa sankawerenga mizere monga amaphunzitsira kusukulu. Amatha kukhazikika pa kodi imodzi, phazi likugunda pansi, mpaka pamene mtima wake wakhutira.

Chimene chinandikoka n'chakuti pa nyimbo zimenezi Marsalis amadzichepetsa. Zala zake zimatha kuthamanga kuposa za madala onsewo, koma amadikira, amasiya mpata, amalowa pamene mkulu wapuma. Ndipo sakisofoni yake imasiya kulira ngati chitsulo, n'kuyamba kufuna kukhala munthu. Oliza sakisofoni ali ndi njira yake yochitira zimenezi: akamauzira, amang'ung'udzanso kukhosi nthawi yomweyo, mawu n'kutuluka okanda, osasalala. Nditamva za njirayi ndinaseka ndekha. Chitoliro chogula madola ankhaninkhani chikuvutikira chinthu chimene mphonda ya asibweni inabadwa nacho.

Pali nyimbo imodzi pachimbalepo, "Berta, Berta", yochokera kwa akaidi a ku ndende ya Parchman ku Mississippi. Ndi mawu a amuna ndi kugunda kolemera, kofanana, kwa anthu ogwira ntchito yakalavulagaga limodzi. Aliyense amene anakulira pafupi ndi mtondo amakudziwa kugunda kumeneko. Amayi awiri akamapuntha mpunga, misi ikulowa mosinthana, nyimbo imakhala m'mipata ya misiyo. Chimbalechi chinapata mphoto ya Grammy, koma ine ndikanapereka mphotoyo chifukwa cha nyimbo yokhayi.

Apa ndiyenera kudzigwira, chifukwa n'kosavuta kungoti "basi, blues ndi yathu, inachokera kuno". Gerhard Kubik, wofufuza nyimbo wa ku Austria, m'buku lake la 1999 lotchedwa Africa and the Blues, anapeza kuti zambiri za kaimbidwe ka blues zimafanana ndi za kumadzulo kwa Africa, m'madera ouma a kumtunda monga ku Mali ndi kumpoto kwa Nigeria. Kuno si kumene inaphukira. Kwa ife nyimbozi zinabwera ngati alendo, pa galamafoni, pa wailesi, ndi m'masutikesi a matchona ochokera kumigodi.

Kubik yemweyo amatidziwa bwino. Mu 1967 anakumana ku Blantyre ndi anyamata awiri apachibale a ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba, akuimba kwela. Kwela ndi jazz ya m'makomboni a Joni, yolizidwa pa kachitoliro kotchipa ka chitini ndi ana amene sakanakwanitsa kugula sakisofoni. Ngakhale mfumu yake, Spokes Mashiyane, atapeza mpata mu 1958 anasamukira pa sakisofoni. A Kachamba anakhalabe ndi kachitoliroko, akukalowetsa m'kamwa chopendeketsa kuti manoti azipindika, ndipo mzungu wophunzira uja anatha zaka zambiri akuimba klarineti m'gulu lawo. Wophunzira kukhala pansi pamaso pa eni nyimbo tinakuona kuno Marsalis asanajambule chake.

Mapenenga nawo ndi mlendo amene tinamulera. Karonga inaona nkhondo ya Angelezi ndi Ajeremani mu September 1914, ndipo makolo athu anaona asilikali a King's African Rifles akuguba ndi malipenga amkuwa. Mkuwa analibe, mphonda anali nazo. Anatenga perete, maudindo ndi yunifolomu, n'kuikamo nyimbo zawozawo zonyoza, zodandaula ndi zotamanda.

Kuno kumpoto, amene anayenda ulendo wonga wa Marsalis ndi malemu Wambali Mkandawire wa ku Mlowe, m'boma la Rumphi, amene chimbale chake cha 2002, Zani Muwone, chinakhazika jazz pa Chitumbuka ndi magule a kunyanja. Anatisiya mu January 2021. Chimene sindinachimvepo ndi makutu anga ndi woliza sakisofoni atafika ndi makina ojambulira pabwalo ngati la kwathu, n'kuima kumapeto kwa mzere wa mapenenga, kudikira kuti mkulu wa gule amupatse mpata.

Lipenga la asibweni lilipobe. Linang'aluka kukamwa, ndipo amayi amasungiramo mbewu ya therere.