Mayendedwe a Mlendo pa Sitima za Pansi pa Nthaka mu London

Anthu ogwira nchito m'migodi ya Nkana ndi Mufulira adziwa bwino kuti munthu akatsikira pansi, dzuwa ndi mitengo sizimthandizanso kupeza njira. Ayenda potsata zizindikiro. Momwemonso mlendo wofika mu mzinda wa London kukaphunzira kapena kukagwira nchito, pakuti kumeneko unyinji wa anthu uyenda pa sitima zodzera pansi pa nthaka, zimene eni ace azicha Underground.

Njanji yoyamba ya mtundu umenewu inatsegulidwa pa 10 January 1863, kucokera ku Paddington kufika ku Farringdon. Sitima zace zinali za malasha, ndipo utsi unali kubvuta apaulendo. Sitima za magetsi zinayamba m'caka ca 1890. Lero kuli njanji 11 ndi masiteshoni 272. Siteshoni yakuya koposa ndiyo ya Hampstead, mamita 58 pansi, kumene anthu atsika pa cikepe monga acitira pa mgodi.

Cimene ciopsa mlendo ndico kucuruka kwa maina. Koma palibe munthu afunika kuloweza onse pamtima. Cofunika ndico kudziwa kuwerenga mapu amene anakonza Harry Beck, wojambula mapulani a waya wa magetsi, amene anasindikizidwa m'caka ca 1933. Pa mapuwo njanji iri yonse iri ndi mtundu wace: Central ndi yofiira, Northern yakuda, District yobiriwira, Circle yacikasu, ndipo Piccadilly ya buluu woderapo. Pamene njanji zikomana pali kacizindikiro kozungulira, kusonyeza kuti pamenepo munthu akhoza kutsika ndi kukwera sitima yina.

Cotero asanatsike makwerero, wapaulendo wanzeru adzifunsa mafunso atatu. Kodi njanji yofunika ndi iti? Kodi sitima iyenera kulunjika kumpoto, kumwera, kum'mawa kapena kumadzulo? Kodi posinthira ndi pati? Mwacitsanzo, wocokera ku bwalo la ndeke la Heathrow wofuna kufika ku ofesi ya Kazembe wa Zambia ku Kensington akwera njanji ya Piccadilly yolunjika kum'mawa, natsikira pa Gloucester Road, osasintha konse. Pa njanji ya Northern pafunika maso, cifukwa pakati pa mzinda igawika pawiri, ina kudzera ku Bank, ina ku Charing Cross. Dzina la kumene sitima ikathera lilembedwa kutsogolo kwace ndi pa cikwangwani ca pa siteshoni.

Cinthu cimodzi mapu awa sanena, ndico kutalika kwa mtunda. Beck anangofuna kusonyeza m'mene njanji zilumikizana. Alendo ambiri ataya ndalama kukwera sitima kucokera ku Leicester Square kupita ku Covent Garden, pamene malowo ayandikana kotero kuti woyenda pansi afika m'mphindi zisanu.

Pa malipiro, ambiri agwiritsa nchito khadi la ku banki, foni, kapena khadi la Oyster limene linayamba m'caka ca 2003. Khadilo agunditsa pa cipata polowa ndiponso potuluka. Woiwala kugunditsa potuluka amlipiritsa mtengo wapamwamba koposa, cifukwa makina sadziwa kumene watsikira.

Palinso mwambo wa eni dziko. Pa makwerero oyenda okha munthu aima ku dzanja lamanja, kuti ofulumira adutse kumanzere. Sitima ikaima, otsika ayamba kutuluka, okwera pambuyo. Apaulendo kawirikawiri sapatsana moni, ndipo mlendo wozolowera moni wa kwao asayese cimeneci cidani.

Amene wakwera sitima yolakwika asataye mtima. Atsike pa siteshoni yotsatira, aone mapu pa khoma, nakwere yobwerera, pakuti usana sitima zitsatizana mphindi zowerengeka cabe. Anchito obvala yunifomu aimirira pa zipata kuti athandize osocera. Akuru anati kufunsa ndi kudziwa njira.