Zithunzi zakale ndi mboni ya nyama zathu

Masiku ano mwana wa sukulu akapita ku nkhalango ya Liwonde amangosolola foni m'thumba n'kujambula njovu ikumwa madzi mu Shire. Kale sizidali choncho.

Mu 1859, David Livingstone adadutsa dera lino popita ku nyanja ya Chilwa ndi ya Malawi. Adali ndi dokotala John Kirk, mwini dzina la mapiri a Kirk Range, yemwe ankajambulanso zithunzi. Vuto lidali loti kamera za nthawiyo zinkafuna kuti chojambulidwacho chikhale duu kwa mphindi zingapo. Mlambe ndi nyumba zinkalola, nanga mvuu angaiuze ndani kuti isagwedezeke?

N'chifukwa chake zithunzi zambiri zakale zimaonetsa nyama zakufa, mlenje ataima pambali ndi mfuti. Zinthu zidayamba kusintha mu 1878 pomwe Eadweard Muybridge adajambula hatchi ikuthamanga ku America. Mu 1905 Mjeremani Carl Schillings adatulutsa buku la zithunzi za nyama zamoyo, zina zojambulidwa usiku, m'dziko lomwe lero ndi Tanzania.

Zithunzi zoterezi zimatikumbutsa zomwe tidataya. Ngakhale nkhalango ya Liwonde idakhazikitsidwa mu 1973, zipembere zidachita kuchokera ku South Africa mu 1993, ndipo mikango idabwezeretsedwa mu 2018, bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira malowa mu 2015. Chithunzi chakale chimaonetsa komwe nyama zinkapezeka komanso momwe thengo lidalili.

Kunjaku anthu amalimbirana zithunzi zotere pa okushoni. Kuno kwathu zina zimasungidwa ku National Archives ku Zomba ndi ku Society of Malawi ku Mandala, mumzinda wa Blantyre. Koma zina zili m'masutikesi ku Ntaja, Ulongwe ndi pa Balaka, komwe chiswe, chinyezi ndi mphemvu zikuzimaliza.

Ngati muli nacho, kaya n'cha agogo ataima pa ng'ona yomwe idaphedwa padooko kapena cha ng'ombe zapakhomo, chisungeni mu emvulopu pamalo ouma, osafika dzuwa. Musachimate ndi guluu. Funsani akuluakulu akadali moyo, ndipo mulembe kuseri ndi pensulo dzina, malo ndi chaka. Wina akafuna kuchigula, yambani mwachijambula pa foni n'kukambirana ndi abale, paja madzi akatayika saoleka.