Mwera ukamaomba, tikumbuke yemwe ali nafe m'bwato

Aliyense wokhala m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi amaudziwa mwera. Mphepo imeneyi ikayamba kuomba m'miyezi yachisanu, amayi a ku Malembo, ku Msaka ndi ku Makanjira sapeza tulo ngati bambo kapena mwana wapita kunyanja kukapha usipa. Khutu limangokhala kugombe mpaka kunja kuche.

Nkhawa zathu sizithera pamenepo. Mu 2022 ndi 2023 kolera inatitengera abale. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsika ndi 44 peresenti, mitengo ya zinthu nikwera. Mu 2024 madzi a m'nyanja anasefukira mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo, ena ntchito n'kuwathera. Chambo nachonso sichipezeka monga kale. Nanga Mkhristu atani mtima ukamagunda usiku poganizira za fizi, ufa ndi ngongole?

Tiyeni tipite kaye ku Cape Maclear, komwe kuli manda a amishoni. Mu Okutobala 1875 sitima ya Ilala inafikitsa kumeneko gulu la amishoni a ku Scotland, mmodzi mwa iwo anali Dr Robert Laws. Malungo sanawachitire chifundo. Pofika 1881, pamene likulu la mishoni linkasamukira ku Bandawe, anzawo asanu anali atagona m'manda, ndipo wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe. Pa mawerengedwe a munthu, ntchitoyo inali italephera. Komatu Namalambe yemweyo ndiye anatsala akuyang'anira ntchito ya Mulungu pamalopo, ndipo mishoni ija inakula n'kukhala Livingstonia yomwe tikuidziwa lero. Nkhawa imawerenga manda asanu aja n'kulekera pomwepo, pamene Mulungu amaona zokolola zomwe ife sitinazione. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa Marko 4:35-41 timamva za ophunzira a Yesu atakumana ndi namondwe panyanja ya Galileya. Ena mwa iwo anali asodzi odziwa bwino madzi, koma mantha anawagwira mpaka kuyesa kuti Mbuye wawo sakusamala za moyo wawo. Kudzutsa Yesu sikunali kulakwa. Chomwe anawadzudzulira n'chakuti anali kuyang'ana mafunde okha, n'kuiwala yemwe anali naye m'bwato. Ifenso timatero.

Mtumwi Paulo, polembera Afilipi ali m'ndende, anapereka mankhwala a nthenda imeneyi pa mutu 4 ndime 6 ndi 7. Akutilangiza kuti chilichonse chotivuta tichisandutse pemphero, ndipo pempherolo lisasowe chiyamiko. Sakulonjeza kuti mavuto atha tsiku lomwelo. Akulonjeza mtendere wa Mulungu wolondera mitima yathu ngati mlonda pakhomo.

N'chifukwa chiyani chiyamiko? Munthu wothokoza amakakamizika kukumbukira. Tikayamba kutchula zomwe Ambuye atichitira, monga mwana amene anachira, bwato lomwe linabwerako, mnansi amene anatigawira ufa wathu utatha, timazindikira kuti aka si koyamba kuwoloka pamadzi ozama. Amene anatiwolotsa dzana sanasinthe.

Tisamve molakwa, abale ndi alongo. Kukhulupirira sikutanthauza kupinda manja. Msodzi wopemphera amasokabe ukonde wake, ndipo akaona kuti mwera wakula amakhala kumtunda. Mayi wopemphera amathirabe mankhwala m'madzi akumwa ndi kuthamangira ndi mwana kuchipatala. Tichite mbali yathu ya lero, za mawa tisiyire Mwini wake, monga Ambuye Yesu akutiphunzitsira pa Mateyu 6:25-34. Ndipo ngati nkhawa yafika potilanda tulo ndi chilakolako cha chakudya kwa masiku ambiri, tisabise. Tiuze abusa, wansembe, mkulu wa mpingo kapena achipatala, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Sabata ino tiyese izi m'mabanja mwathu. Tikatha kudya nsima yamadzulo, aliyense, ngakhale mwana, atchule chinthu chimodzi chomwe chikumudetsa nkhawa ndi zinthu ziwiri zomwe akuthokoza. Kenaka tigwade, tizipereke zonse kwa Atate.

Tipemphere: Ambuye Yesu, mukudziwa zomwe zikutisowetsa tulo. Tikuthokoza kuti mwatisunga kufikira lero. Khalani nafe m'bwato lathu, ndipo mutipatse mtendere wanu. Amen.