Chiwindi chikafulumira, piritsi limodzi silikwana

Pachipatala chachikulu cha Mchinji, monganso m'zipatala zina m'dziko muno, munthu amene ali pa ma ARV a TLD akapezeka ndi TB amamuwonjezera piritsi lina la dolutegravir, la mamiligalamu 50, loti azimwa pakatha maola 12. Ambiri amalikayikira piritsili, ati adokotala achulutsa. Ine wa zamankhwala ndikuti sanachulutse, angobwezera zomwe chiwindi chikutaya.

Mankhwala tikameza sakhala m'magazi mpaka kalekale. Chiwindi chimawaphwanya kuti atuluke kudzera m'ndulu kapena mumkodzo, ndiye kuchuluka kwake m'magazi kumatengera zomwe mwameza komanso liwiro lomwe chiwindi chikuwachotsera. Zili ngati kuthira madzi m'ndowa yobooka: bowo likakula, madzi amatsika ngakhale mukuthira monga mwa masiku onse. Rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a TB, yemwe uja amafiiritsa mkodzo, ndiye amakuza bowolo. Amachititsa chiwindi kuchulukitsa tizinthu tophwanyira mankhwala, moti dolutegravir amatsika m'magazi kupitirira theka. Akachepa choncho, kachilombo ka HIV kamapeza mpata woswana, mwinanso kuyamba kupimana mphamvu ndi mankhwalawo. Chiwindicho sichibwerera msanga m'chimake, n'chifukwa chake piritsi lowonjezerali limapitirirabe kwa kanthawi mankhwala a TB atatha. Amayi a njira yakulera ya pamkono, ngati Jadelle, nkhaniyi ikuwakhudzanso: rifampicin amaifooketsa mwanjira yomweyi, ndipo mimba itha kubwera osaiyembekezera.

Wina afunsa: nanga mapiritsi ochulukawa saotcha chiwindi chomwecho? Nkhawayi ndi yomveka, koma yaloza polakwika. Ovutitsa chiwindi kwambiri ndi mankhwala a TB enieniwo, makamaka chikakhala choti chatopa kale ndi kachasu kapena matenda a hepatitis B. Kuno kolima mtedza tiwonjezerepo chuku pa zinthu zotopetsa chiwindi. Chiwindi chodwala chimachedwa kuchotsa mankhwala, ndipo mlingo womwe mnzanu amamwa bwinobwino kwa inu utha kuwunjikana. Maso akayamba chikasu, kapena mukasanza kosalekeza, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osadzichotsera nokha piritsi.

Ochita geni amene mumawoloka pa Mwami kupita ku Chipata, kabuku kanu ka kuchipatala kazikhala m'chikwama. Dokotala wa kutsidyako sangadziwe kuti muli pa rifampicin pongokuyang'anani.