Kusaka chobisidwa m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi: foni siona mphiri

Pali masewera ena amene ma Pathfinder a m'maiko ambiri amawakonda, ndipo ali m'gulu la ma honor amene wachinyamata angaphunzire. Dzina lake ndi geocaching. Wina amabisa kabokosi patchire kapena m'tauni, n'kulemba manambala osonyeza pamene kali, ndipo anzake amakafunafuna motsogozedwa ndi GPS ya pafoni. M'kabokosimo mumakhala kakope kolembamo dzina ndi tsiku, nthawi zina ndi timphatso. Mukatengamo kanthu, mumasiyamo kena kofanana nako mtengo, kenako n'kubwezera kabokosiko pomwe munakapeza.

Masewerawa anayamba m'mwezi wa May 2000. Kale boma la America linkasokoneza dala GPS ya anthu wamba, moti inkaphonya malo ndi mamita pafupifupi 100. Litangosiya kutero, Dave Ulmer anabisa ndowa m'nkhalango ina ku Oregon pa 3 May, n'kulengeza manambala ake pa intaneti. Lero padziko lonse pali timabokosi totere topitirira mamiliyoni atatu. Gulu la AY silifunika kudikira za pa intaneti. Atsogoleri awiri angabise zitini zisanu dzulo lake, n'kugawira timagulu manambala m'mawa.

Kuti tione pamene pagona ngozi, tiyambe tamvetsa mmene GPS imagwirira ntchito. Masetilaiti ake amazungulira dziko pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, ndipo foni imafunika kumva anayi kapena kuposerapo kuti idziwe pamene mwaima. Ngakhale netiweki ya foni kulibe, GPS imagwirabe ntchito. Pamtetete imaphonya ndi mamita ngati asanu, koma pansi pa mitengo yowirira kapena m'chigwa cha matanthwe imaphonya kwambiri. Ndiye kuti foni imangokufikitsani pafupi. Kotsalako mumafufuza ndi maso ndi manja, m'mphako, pansi pa mwala, m'ming'alu ya thanthwe, kuseri kwa chipika. Malo abwino kubisamo kabokosi ndi omwenso njoka, zinkhanira ndi njuchi zinasankha kale kukhala kwawo.

Taganizirani nkhalango ya Ntchisi, yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 75, imodzi mwa nkhalango zachilengedwe zosagwa masamba zimene zatsala m'dziko muno. Ndi yowirira moti m'zaka za m'ma 1800 Achewa ankabisalamo pothawa nkhondo ya Angoni. Muli anyani, nchima, nguluwe, nungu ndi afisi. Ku Dowa nako, kuyambira kuphiri la Kongwe mpaka kumatsitso a ku Mvera polowera ku Salima, kuli zigwembe ndi miyala yoterera nthawi ya dzinja. Amene akuyenda maso ali pafoni saona pamene akuponda.

Njoka yoyamba kuiopa ndi mphiri. Njoka zambiri zimathawa zikamva mgugu wa mapazi, koma mphiri imadalira khungu lake lofanana ndi masamba ouma, choncho imangokhala phee m'njira mpaka mutaiponda. Ululu wake umatupitsa ndi kuoletsa mnofu. Palinso mamba amene amalavulira ululu m'maso a munthu woweramira kuuna. Bungwe la WHO likuti anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa chaka chilichonse padziko lonse chifukwa cholumidwa ndi njoka. Musapise dzanja pomwe maso sakuona. Yambani mwagogoda ndi ndodo, unikani ndi tochi, ndipo potembenuza mwala, uutseni moti uyang'ane kwina, osati kumapazi anu. Valani nsapato zotseka ndi buluku lalitali, osati masilipasi.

Mnzanu akalumidwa, musatemere pabala, musayamwe, musamange chingwe chothina. Mvuleni wotchi, mphete kapena nsapato kutupa kusanayambe, mangirani kathabwa kuti mwendo kapena mkono usagwedezeke, ndipo mnyamuleni mothamangira kuchipatala. Kusaka njokayo kuti muiphe n'kutaya nthawi komanso kuitana bala lachiwiri. Ululu ukalowa m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali. Popeza mankhwala a ululu wa njoka sapezeka m'chipatala chilichonse, mtsogoleri afunsiretu kuchipatala cha boma cha Dowa kapena cha Ntchisi ulendo usanayambe.

Za afisi, anthu a ku Dowa safuna wowauza. Mu March 2003 chilombo china chinapha anthu atatu ndi kuvulaza ena 16, ndipo anthu pafupifupi 4,000 anathawa m'midzi n'kukabisala ku boma. Akuluakulu oona za nyama zakutchire ankaganiza kuti anali fisi wachiwewe. Fisi wabwinobwino amabisala masana, amayenda usiku, ndipo amapewa gulu la anthu. Nyama iliyonse yakutchire imene ikuyenda masanasana mosaopa anthu, kaya fisi kaya nkhandwe, italikireni ndipo kadziwitseni amfumu. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro, munthu sapulumuka. Wolumidwa kapena wokandidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, apite kukabayitsa katemera tsiku lomwelo. Izi n'chimodzimodzi ndi galu wa m'mudzi, amene kwenikweni ndiye amapatsira anthu ambiri matendawa.

Tizilombo tating'ono nato sitinyozeka. Njuchi zimamanga m'mphako ndi m'ming'alu ya miyala, choncho imani kaye mumvetsere musanayandikire. Zikabalalika, phimbani kumaso, thawirani kutali. Chakumpoto ndi kum'mawa kwa Ntchisi kuli malo osungira nyama a Nkhotakota, kumene a African Parks anasamutsirako njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017. Kumeneko sikolowa popanda chilolezo ndi mlonda, ndipo kuli ntchentche za kashembe zofalitsa matenda a kaodzera. Mukamva malungo mutabwera kudera limenelo, uzani adokotala kumene munali. Madzulo fufuzani nkhupakupa m'thupi, ndipo m'miyezi yozizira chenjerani ndi chitedze.

Wobisa kabokosi ali ndi udindo waukulu kuposa wosaka, chifukwa pamene iye waika ndi pomwe anzake adzapise manja. Malamulo a masewerawa amaletsa kukwirira kabokosi m'nthaka, amaletsanso kuikamo chakudya, popeza fungo lake limaitana nyama. Ikani poonekera munthu akafika pafupi, osati kuuna kapena m'mphepete mwa phompho. Pa intaneti kabokosi kalikonse kamapatsidwa nyenyezi kuyambira imodzi mpaka zisanu zosonyeza kuvuta kwa njira, ndipo inunso uziranitu anzanu ngati pali pokwera movutikira.

Malamulo omwewo amafunanso chilolezo cha mwini malo. Kuno kwathu limeneli ndi lamulo lopulumutsa moyo. Gulu la alendo lofukula miyala ndi kusiya zitini patchire likhoza kuganiziridwa zaufiti kapena zakuba, ndipo tonse tikukumbuka anthu amene anaphedwa ku chigawo chakummwera mu 2017 chifukwa cha mphekesera za anamapopa. Yambani mwakaonekera kwa amfumu, muwaonetse chitini ndi za m'kati mwake. Ngati ndi nkhalango ya boma, pitani ku ofesi ya zankhalango. Dowa ndi Ntchisi ndi kuchimake kwa gule wamkulu. Kamsitu kowirira pakati pa minda kawirikawiri ndi manda kapena dambwe, ndipo kulowamo n'kulakwira eni mudzi. Pemphani munthu wa m'deralo akuperekezeni. Iye akudziwa phanga la afisi, mtengo wa njuchi ndi njira imene alenje amatcheramo misampha, zimene mapu a pafoni alibe.

Ena anganene kuti Paulo analumidwa ndi njoka pachilumba cha Melita akuika nkhuni pamoto koma sanafe. N'zoona, koma iye sanapite kukaiputa, ndipo Ambuye Yesu anakana kudziponya pansi kuchokera pamwamba pa kachisi kuti ayese chitetezo cha Mulungu. Pempherani ponyamuka, kenako chitani mbali yanu. Yendani osachepera atatu, siyani uthenga wa kumene mukupita ndi nthawi yobwerera, tengani madzi, wezulo ndi bandeji, ndipo tsikani phiri dzuwa lisanapendeke. Mukaona kuti chitini chili pamalo okayikitsa, chisiyeni, mudzauze amene anachibisa akachisunthe.