Kachidole Ngati Chizindikiro: Kodi Tizidole Tosinthidwa Timaloledwa pa Mpikisano?

Mawu oyamba

Ku Britain, ku America ndi m'maiko ena ambiri kuli masewero ankhondo omwe amachitikira pa tebulo pogwiritsa ntchito tizidole ta asilikali, akasinja ndi zilombo. Otchuka kwambiri mwa masewerowa ndi Warhammer 40,000, omwe kampani ya Games Workshop, yomwe likulu lake lili ku Nottingham, inatulutsa koyamba m'chaka cha 1987. Tizidoleti timagulitsidwa tili tizidutswa ta pulasitiki wotuwa. Wogula amadula tizidutswato, kutimata ndi guluu, kenaka kutipaka utoto yekha. Popeza ntchito yonseyi ili m'manja mwa mwini wake, ambiri sakhutira ndi kungotsata chithunzi cha pa bokosi. Wina amasintha mutu wa msilikali, wina amachotsa mfuti n'kuikapo lupanga, winanso amasankha mitundu yakeyake ya utoto. Funso limabuka tsiku la mpikisano likafika: kodi kachidole kotere kaloledwa pa tebulo?

M'nkhani ino ndifotokoza momwe oyendetsa mipikisano amayankhira funsoli. Ndionetsanso kuti mayankho awo akutsamira pa mfundo yomwe timaphunzira m'maphunziro a zinenero, yakuti chizindikiro chimagwira ntchito pokhapokha anthu awiri akamachimva mofanana.

Za utoto

Pa nkhani ya utoto palibe mkangano waukulu. Kupaka utoto kumaloledwa, ndipo m'mipikisano yambiri kumachita kulamulidwa. Kwa zaka zambiri oyendetsa mipikisano ankafuna kuti kachidole kalikonse kakhale ndi mitundu itatu ya utoto kapena kuposerapo. M'chaka cha 2020 Games Workshop inaika m'malamulo a mipikisano mfundo yakuti wosewera yemwe gulu lake lonse lapakidwa utoto mokwanira apatsidwe mapointsi 10 mwa 100, ndipo mfundoyi inapitirira m'malamulo a 2023. Choncho munthu wobwera ndi pulasitiki wosapaka amayamba masewero atatsalira kale.

Masewero ena amagulitsa tizidole topakapaka kale ku fakitale. Chitsanzo ndi Star Wars: X-Wing, omwe kampani ya Fantasy Flight Games inatulutsa mu 2012. Malamulo a mipikisano a kampaniyo ankalola wosewera kupakanso utoto ndege zake momwe akufunira. Ankaletsa zinthu ziwiri: kusintha ndege mpaka mnzako asokonezeke kuti ndi ndege iti, komanso kusintha kukula kapena maumbidwe a tsinde lomwe ndegeyo imaimapo. Ziletso ziwirizi ndi zomwe zimabwerabe m'masewero ena ambiri, ndipo ndizitenga chimodzichimodzi.

Chomwe ukuona ndicho chilipo

Chiletso choyamba chili ndi dzina lomwe osewera anabwereka kwa akatswiri a makompyuta, WYSIWYG, chidule cha mawu a Chingerezi otanthauza kuti chomwe ukuona ndicho chilipo. Mu Warhammer 40,000 chida chilichonse chili ndi mphamvu zakezake. Mfuti ina imawombera patali koma ndi yofooka, ina imaboola kasinja koma iyenera kuyandikira. Wosewera amalemberatu mndandanda wa asilikali ake ndi zida zawo. Lamulo la WYSIWYG limanena kuti zomwe zalembedwa pa mndandandawo zizioneka pa kachidole. Ngati pepala likuti msilikali wanyamula mfuti yoboola akasinja, kachidole kasagwire lupanga.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Masewero a pa mpikisano amatenga maola awiri kapena atatu, ndipo pa tebulo pamatha kukhala tizidole toposa 100. Wosewera amaponya maso pa gulu la mnzake n'kuganiza kuti kasinja wake amuike pati. Akanamizidwa ndi maonekedwe, akhoza kutaya kasinjayo, mwinanso mpikisano wonse womwe walipirira ndalama yolowera, ulendo ndi malo ogona. Mwini kachidole nayenso ali ndi chomwe angataye. Kachidole komwe wakakonza kwa milungu ingapo kakhoza kuchotsedwa pa tebulo ndi woweruza, ndipo gulu lake limasewera loperewera. N'chifukwa chake oyendetsa mipikisano ambiri amapempha kuti aliyense yemwe wasintha kwambiri tizidole take atumiziretu zithunzi tsiku lisanafike, kuti avomereze kapena kukana nthawi ilipo.

Kavalo wa Saussure

Apa mpomwe nkhaniyi imandikumbutsa katswiri wa zinenero wa ku Switzerland, Ferdinand de Saussure. M'buku la maphunziro ake lomwe linasindikizidwa mu 1916, iye atamwalira kale, muli chitsanzo cha masewero a chess. Mfundo yake ndi yakuti kavalo wa m'masewerowa akatayika, osewera akhoza kuikapo chinthu china chilichonse, ngakhale chosafanana ndi kavalo, bola agwirizane kuti chiziyenda ngati kavalo. Chimapatsa kachidole mphamvu ndi malo ake pakati pa tinzake, monga momwe mawu amapezera tanthauzo posiyana ndi mawu ena a m'chinenero. Aliyense amene anaonapo anthu akusewera dirafuti ndi zitsekerero za mabotolo, zina zoyang'ana kumwamba zina zovundikira, akudziwa kuti mfundoyi ndi yoona.

Osewera a Warhammer nawo amachita zomwezi akakhala kunyumba. Munthu amatha kunena kuti kapu iyi lero ikhala kasinja, mnzake n'kuvomera. Koma mawu ofunika m'chitsanzo cha Saussure ndi akuti "kugwirizana". Anthu awiri odziwana amagwirizana m'kanthawi kochepa. Pa mpikisano munthu amakumana ndi alendo asanu kapena asanu ndi mmodzi m'masiku awiri, ena olankhula zinenero zina, ndipo palibe nthawi yoti aliyense aloweze pamtima mgwirizano watsopano pa tebulo lililonse. Chess yeniyeniyo inakumana ndi vutoli. Kale tizidole take tinkasemedwa mosiyanasiyana, mpaka mtundu wotchedwa Staunton, womwe unayamba kugulitsidwa ku London mu 1849, unafala n'kukhala womwe umagwiritsidwa ntchito m'mipikisano ya bungwe la FIDE. Ndimaona kuti lamulo la WYSIWYG likugwira ntchito yofanana ndi ya malamulo a kalembedwe ka chinenero. Pocheza ndi mnzako ungalembe mwachidule momwe ufunira, koma kalata yopita kwa munthu wosakudziwa iyenera kutsata kalembedwe kodziwika kwa onse.

Pomwe thupi la kachidole lili mbali ya malamulo

Chiletso chachiwiri chikusonyeza pomwe chitsanzo cha Saussure chimalekera. Mu chess kutalika kwa kavalo sikusintha kanthu, chifukwa bolodi ili ndi mabokosi 64 omwe amalamula mayendedwe. Tebulo la Warhammer lilibe mabokosi. Mtunda umayezedwa ndi tepi, m'mainchesi, kuyambira m'mphepete mwa tsinde la kachidole. Masindewa ali ndi miyeso yake, monga mamilimita 25, 32 kapena 40. Tsinde likakula kapena kuchepa, chiwerengero cha asilikali omwe angafike pa mdani chimasintha, ndipo mipata yomwe kachidole kangadutsemo imasinthanso.

Kutalika nakonso kuli ndi ntchito. Buku la malamulo la 2008 linatsindika kuti msilikali angawombere chokhacho chomwe angachione kuchokera pomwe waima, moti osewera amawerama n'kuyang'ana kuchokera kumbuyo kwa kachidole. Tsono taganizirani munthu amene watenga chilombo chachitali n'kuchiumba chitagwada kuti chizibisala kuseri kwa khoma. Maonekedwe ake akhoza kukhala okongola, dzina lake n'kudziwika bwino, koma wapeza mwayi womwe mnzake wogula chilombo chomwecho alibe. Oweruza amaona zimenezi ngati chinyengo. Nthawi zambiri amalamula kuti kachidole kosinthidwa kakhale pa tsinde loyenera ndipo msinkhu wake ufanane ndi wa koyambirira.

Dzanja la malonda

Pali chiletso chachitatu chomwe gwero lake ndi malonda. Mipikisano yomwe Games Workshop imayendetsa pa malo ake otchedwa Warhammer World ku Nottingham imafuna kuti tizidole tikhale topangidwa ndi kampaniyo. Kusakaniza tizidutswa ta m'mabokosi ake osiyanasiyana n'kololedwa, koma gulu logulidwa kwa opanga ena sililandiridwa, ngakhale litamveka bwino motani kwa mdani. Kampaniyi imateteza kwambiri zopanga zake: mu 2010 inasumira kampani yaing'ono ya ku America ya Chapterhouse Studios, yomwe inkagulitsa tizidutswa tolowa pa tizidole ta Warhammer, ndipo chigamulo cha 2013 chinakomera mbali iliyonse pa mfundo zina. Mipikisano yoyendetsedwa ndi magulu odziimira paokha imaika malamulo akeake, ndipo yambiri imalola tizidole ta opanga ena kapena tosindikizidwa pa makina a 3D, bola tizindikirike msanga.

Mawu omaliza

Yankho la funso lathu ndi lakuti inde, tizidole tosinthidwa timaloledwa, koma pali malire atatu. Utoto ndi ufulu wa mwini. Maonekedwe asinthidwe mosasokoneza mdani. Tsinde ndi msinkhu zikhale monga malamulo anenera, ndipo pa mpikisano wa kampani tizidutswa tikhale ta kampaniyo. Mwa malire amenewa, awiri oyamba ndimawaona kuti ndi achilungamo, chifukwa amateteza munthu wokhala tsidya lina la tebulo, yemwe ayenera kuwerenga gulu la mnzake ngati momwe timawerengera chiganizo. Malire achitatu amateteza thumba la wogulitsa, ndipo wosewera ali ndi ufulu wosankha mpikisano womwe ulibe lamulo limenelo. Kwa ife ophunzira zinenero, tizidoleti tikutikumbutsa kuti wolankhula angakometse mawu ake momwe angathere, koma womvera ndi amene amatsimikiza ngati uthenga wafika.